Mfuti ya Abambo Isadumphidwe

Lolemba

Ndachipeza! Ndachipeza ine!

Ndikuchokera ku shifiti ya m'mawa ku Bilston, ndadzera mumsika kufuna matimati otsika mtengo, maso anga n'kugwera pa tebulo la mzungu wogulitsa zakale. Pakati pa mawotchi akufa ndi zipewa za asilikali pagona chitsulo chakuda, chadzimbiri, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuchala. Mtima wa mfuti ya nkhondo. Eni ake amati akishoni, chija umakoka n'kukankha kuti chipolopolo chilowe. Mpope palibe. Mpini palibe. Koma mtima ulipo, zinazo ndi zovala chabe.

Wogulitsa akuti chinaphedwa kalekale, sichidzawombanso, n'chongokongoletsa pashelefu. Ndavomera ndi mutu, mumtima ndikuseka. Azungu chinthu chikangotsokomola amati chafa. Kwathu ku Kasungu njinga ya amalume inapondedwa ndi lole, mpaka lero ikunyamula makala. Matimati sindinagule.

Nkhani yonse ndi ya abambo. Moyo wawo wonse anali a gemu, kulondera njovu ndi njati m'nkhalango, mfuti ya boma ili paphewa. Pa chitsulo chake panalembedwa kuti Birmingham. Ine dzinali ndinaliwerenga pa mfuti ndisanadziwe kuti ndi mzinda wokhalamo anthu. Tsiku limene anapuma pa ntchito anakaibweza ku ofesi, anabwera manja ali lendelende, sanadye. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno, ena ankaitanitsa mafoni ndi majekete. Iwo anangoti, "Ukafika kwawo kwa mfuti, usandiiwale." Ndinalonjeza mokweza anthu akumva.

Mwezi wamawa abambo akukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mayi Gondwe a kumpingo akukwera ndege Lamulungu madzulo kupita ku Lilongwe. Ndiwapangira abambo mfuti yosakira nyama zikuluzikulu, ngati zija ankabwera nazo azungu a safari, yonyezimira, ya manja anga. Sabata ikwana.

Zofunika:
mpope
mtengo wosemera mpini
chochotsera dzimbiri
mkazi wanga asakwiye

Chomalizachi chavuta kale. Amake Thoko abwera kuchokera kuchipatala ku Bordesley Green, ayang'ana chitsulo, andiyang'ana ine. "Chimenecho chisakwere pa tebulo langa." Basi, alowa kubafa.

Mlongo wanga Esinati watumiza mawu pafoni. Akuti abambo agwanso popita kudimba, bondo latupa. Ndodo akukana, akuti ndodo ndi ya nkhalamba. Ndamuyankha kuti asade nkhawa, ndikuwakonzera chinthu chachikulu. Wandifunsa ngati chinthucho chili ndi miyendo.

Lachiwiri

Ndawaimbira abambo, ndawaonetsa chitsulo pa foni. Amayi inu, chimwemwe chake! Akuwa kuitana a Banda a nyumba yoyandikana kuti adzaone. A Banda aitana mlamu wawo. Pofika masana mudzi wonse ukudziwa kuti kukubwera mfuti ya ku Birmingham, ndipo anyani a kuphiri awerengeretu masiku awo.

Kenako malamulo. Abambo atsitsa mawu, nkhope yaunkulu. Loyamba, mfuti sidumphidwa ndi munthu wamkazi. Ikadumphidwa imaphonya ngakhale njovu itaima pakhomo. Lachiwiri, wopanga mfuti sagona mphasa imodzi ndi mkazi wake mpaka ntchito itatha. Ndati ndamva, bambo.

Lachiwirilo ndaliopa kulinena. Ndazungulira, ndatsokomola, ndalinena. Amake Thoko sanadikire kuti ndimalize, andinyamulira okha pilo ndi bulangete kukaika pa sofa. Akuimba nyimbo ya kwaya potero. Sindinasangalale ndi liwiro limenelo.

Loyambalo ndiye vuto. Kukhitchini aletsa. Kuchipinda aletsa. Pabalaza pali kapeti ya landilodi. Panja mvula. Kwatsala kanjira ka m'nyumba kochokera pakhomo, ndipo amene anamanga nyumba za ku Handsworth ankaganiza kuti mudzakhala anthu opanda mimba. Mukakumana awiri wina amayamba wapuma mpweya. Ndayala nyuzipepala pamenepo, ndamiza chitsulo mu viniga m'thireyi yophikira nkhuku.

Amake Thoko atsika masitepe mothamanga, yunifomu yabuluu, chikwama paphewa, basi ikuwasiya. Ndisanatsegule pakamwa, mwendo uwo, dumphu! Afika pakhomo, akumbukira kuti aiwala baji ya kuntchito. Dumphu kubwerera. Dumphu kutulukanso.

Ndakhala pansi. Ndaganiza mozama. Ndagamula kuti sinakhale mfuti panobe, ndi chitsulo chabe, ndiye lamulo silinayambe kugwira ntchito.

Thoko wabwera kusukulu, wadumphanso, n'kunena m'Chingerezi chake chija kuti nyumba yonse ikununkha ngati shopu ya tchipisi. Dzimbiri likuchoka bwino kwabasi. Chokokera chija sichikusunthabe, ngakhale ndachigogoda ndi mwala wotsekera geti. Mawa chifewa.

Lachitatu

Tsiku lokoma!

Shifiti kwa a Keni ku Bilston. Ndi mkulu amene ndimamusamalira m'mawa: kumusambitsa, kumuveka, kumukakamiza phala. Chiyambireni ine kupita kumeneko, mawu awo ndi awiri, inde ndi ayi, ndipo ayi ndi amene amachuluka. Amangokhala pawindo kuyang'ana mpanda.

Lero ndikuwamanga mabatani, pakamwa panga posagwira chinsinsi paja, ndatchula za mfuti ya abambo. Mkulu watembenuka. Wafunsa kuti mpini ndisema ndi mtengo wanji. Ine kudabwa kuti mawu onsewa amawasunga kuti! Kodi a Keni unyamata wawo wonse ankasema mipini ya mfuti m'tauni muno? Zaka zonsezi ine ndikuwapukuta msana osadziwa.

Alankhula mpaka phala lazizira, alidya lozizira lomwelo, osazindikira n'komwe. Ndawauza za abambo ndi njati imene inawakweza mumtengo wa minga. Aseka mpaka mano oikirira asuntha.

Andituma ku kashedi ka kuseri. Kumbuyo kwa makina otchetchera kapinga kuli thabwa lokulungidwa m'chinsalu, lalitali, lolemera, lofiirira ngati mlombwa, mizere yake ngati madzi akuyenda. Akuti analisunga kuti adzapange mfuti yawoyawo akadzapuma ntchito, manja n'kuyamba kunjenjemera. "Tenga. Likungodikira chiswe." Ndawauza kuti kuno kulibe chiswe. Akuti ndiye likudikira pachabe.

Ife osamalira anthu sitiloledwa kulandira mphatso mwachisawawa. Ndaimbira mwana wawo wamkazi, wavomera, akuti bola bambo ake akulankhula. Ndaimbira bwana ku ofesi. Wafunsa kuti mphatso yanji. Ndati thabwa. Akuti chabwino.

Ndakwera nalo thiramu ndi basi nditalikumbatira ngati mkwatibwi. Mayi wina wandipatsa mpando.

Amake Thoko aligogoda ndi chala, akuti lingakhale labwino kudulirapo nyama. Ndaligoneka kuseri kwa sofa, pafupi ndi ine. Iwo akuti chibwerereni ku Ulaya sanagonepo tulo tokoma ngati ta dzulo. Chokokera sichikusunthabe.

Lachinayi

Lero ofu, kuntchito sindinapite. Ndavala jekete la kutchalitchi, ndakulunga chitsulo m'chitenje, ulendo wa m'tauni kukagula mpope. Kuli dera lina kumene kale kunali mashopu a mfuti okhaokha, panopa atsala owerengeka. Ndaima mumsewumo. Ndiye kuno kwawo kwa mfuti ya abambo! Ndadzijambula, ndatumiza kumudzi.

Shopu yake umaliza belu kuti akutsegulire. Mkati fungo la mafuta ndi chikopa. Bambo wa mandala wandilandira mwaulemu kwambiri. Ndati ndikufuna mpope wa mfuti yophera njati. Wafunsa satifiketi ya apolisi. Ndati ndikatenga mawa, ofesi yake ili pati. Wavula mandala.

Zimene akuti zimafunika munthu asanagule ngakhale kachidutswa:
kabati yachitsulo yomangirira kukhoma ndi mabawuti. Landilodi wathu amakana msomali wa kalendala!
dokotala anene kuti mutu wanga ukuyenda bwino
anthu awiri ondichitira umboni kuti ndine wodekha
malo osakako nyama

Ndati malo alipo, ku Kasungu. Akuti akukudziwa, ndipo nyama za m'nkhalango imeneyo n'zotetezedwa. Inde ndikudziwa, amene ankaziteteza ndi abambo anga. Izi sindinaziganizepo sabata yonseyi. Munthu wa gemu kumupangira mfuti yophera njati zake zomwe!

Ndamasula chitenje. Wachitembenuza, wandionetsa ndi nsonga ya pensulo pamene anawotcherera. Si dzimbiri ayi. Anachita dala, mwalamulo, kuti chisadzadzukenso. Ndamufotokozera za njinga ya amalume. Wamvetsera mpaka kumapeto, munthu wabwino. Kenako akuti wochidzutsa chimenechi amakagona kundende zaka, ndipo wa viza ngati ine akatuluka amapeza ndege ikumudikira. Akuti ndichikulungenso, ndipite nacho kunyumba osaima paliponse.

Walira mvula walira matope. Ndakhala m'basi chitenje chili pamiyendo, thukuta kamukamu, ndikupemphera kuti asakwere wapolisi.

Amake Thoko sananene kuti ndinakuuzani. Angofunsa kuti ndibwerera liti kuchipinda, chifukwa akufuna adziwiretu. Ndati ntchito sinathe.

Ndawaimbira abambo, ndati chitsulo chikuvuta pang'ono. Sanafunse zambiri. "Anachidumpha eti?" Ndayamba kukamba za mvula ya kuno. "Ndinadziwa." Kumbuyo kwawo Esinati akuseka mpaka kutsamwa.

Lachisanu

Sindinagonje. Ngati siwomba, ikhale ya pakhoma. Abambo akaipachika pabalaza, alendo aziona, anyani azimva mbiri yokha. Mpope ndapeza kale, paipi ya katani ya pawindo la pabalaza. Katani ndaipachika pa chingwe, sizikuoneka kwambiri.

Ndaweruka masana, mvula yakata, ndatulutsa thabwa kuseri. Zida: chimpeni chodulira mafupa, tchizulo chobwereka, sandipepa. Ndajambula mpini wa mfuti ndi choko, wokongola zedi, thako lake lotambalala bwino.

Ndayamba kusema ndikuimba. Mtengo wake ndi wofewa kumanja, fungo lokoma. Mbali iyi yalowa kwambiri. Ndachepetsa inayo kuti zifanane. Tsopano inayo ndiye yalowa. Ndabwerera. Mayi wa ku Jamaica wa nyumba yoyandikana wasuzumira pampanda, wafunsa ngati tikuotha moto. Ndati ayi mayi, ndi luso.

Ndinaphunzira kusema ndili mwana, kwa abambo omwewo, ndipo chimene tinkasema ndi chimodzi. Mutu ukuganiza mfuti, manja akukumbukira zawo. Pamene ndaima kuti ndiwongole msana, ndayang'ana bwinobwino chimene chili m'manja mwanga. Chachitali, chowongoka, chowonda, mutu wonenepa kumapeto.

Mpini wa khasu!

Thabwa limene mkulu analisunga zaka zonse zija, ine ndalisandutsa mpini wa khasu tsiku limodzi. Zipalapala zadzaza thumba la zinyalala. Ndayesa kugonekapo chitsulo, chagubuduka n'kundigwera pachala.

Ndili pomwepo foni yalira. Mayi Gondwe. Kodi amake Thoko anandijambula Lachiwiri nditagwada pa viniga, n'kutumiza ku gulu la amayi a mpingo? Akuti akhala akuseka sabata yonse, ena mpaka ku Coventry. "Achimwene, majekete a anthu ndimanyamula, nsapato ndimanyamula, ngakhale mapoto. Koma chooneka ngati mfuti pa eyapoti, ayi. Ine ndili ndi ana." Ndati pepani mayi, musadandaule, sichikuonekanso ngati mfuti.

Manyazi andigwira zenizeni. Abambo auza mudzi wonse. A Keni ndikawauza chiyani? Amake Thoko atuluka ndi tiyi, akhala pa sitepe pafupi nane, atenga mpini uja, ausisita. Akuti ndi wosalala bwino. Kenako afunsa za paipi ya katani.

Loweruka

Sindili pa shifiti, koma ndapempha mwana wa a Keni kuti ndikawaone. Wolakwa amapita yekha. Ndalowa mpini uli kumbuyo, ndautulutsa pang'onopang'ono.

Mkulu waulandira. Wauyang'ana kumutu, wauyang'ana kumchira. Wafunsa kuti thabwa lotsala lili kuti. Ndati lili m'bini. Wauyang'ananso mpini uja. Ndiye kuseka kwake! Misozi mbwee, chifuwa, mpaka ndathamangira madzi. Akuti pa moyo wawo aonapo mipini yoipa yambiri, koma uwu sakudziwa n'komwe kuti aulakwitse pati.

Akufuna apite kukatsokomolera kukhitchini. Chogwirira chawo chachitsulo chili patali. Aimika mpini wanga pansi, agwira mutu wonenepa uja, atsamira, nyamu! Aimirira. Ayenda mpaka pakhomo, gogodo, gogodo. Atembenuka. Tayang'anana.

Bondo la abambo. Njira ya kudimba. Esinati anandiuza Lolemba lomwe, ine makutu ali ku njati.

Ndaimbira amake Thoko. Unesi wawo wadzuka nthawi yomweyo, akuti ndodo imayenera kufika pamfundo ya dzanja munthu ataimirira, ikatalika imapweteka phewa. Aimbira Esinati kuti akawayeze abambo ndi chingwe. Esinati wawanamiza kuti ndi muyeso wa buluku la pa tsiku lobadwa. Abambo akuti likhale la matumba akuluakulu oikamo zipolopolo.

Tsiku lonse m'kashedi. A Keni pa mpando, bulangete pamiyendo, kulamula ngati kapitawo. Dula apa. Pala apo. Osati choncho! Atulutsa kachitsulo ka mano kolembera timizere topingasa tija timakhala pogwirira mfuti kuti dzanja lisaterereke. Mizere ina alemba okha, manja akunjenjemera, ina ndalemba ine. Yonse yakhota. Akuti yokhota kwambiriyo ndi yanga.

Tapaka mafuta amene amapaka mipini ya mfuti, kupukuta, kupakanso. Mtengo wadzuka, mizere ija ikuwala ngati uchi. Mudirowa apeza mphete ya mkuwa ndi tizitsulo tosindikizira zilembo. Iwo agwira, ine ndimenya ndi hamala, chilembo chimodzichimodzi mpaka dzina lonse la Birmingham lakwana kuzungulira mphete. Ndawamenya chala kamodzi. Anditukwana mawu amene sindingalembe muno, akusangalala.

Amake Thoko abwera madzulo ndi kamphira ka kunsi kogula ku famase, ndi mandasi. A Keni adya atatu. Mwana wawo waima pakhomo la kashedi, akungoyang'ana bambo ake, akupukuta m'maso.

Lamulungu

Mfuti palibe. Ndilembe poyera kuti ndisadzanamize adzukulu. Njati za ku Kasungu zigone mtendere.

Kutchalitchi amayi andilandira ndi nthungululu, wina wafunsa ngati alenje amapereka chakhumi cha nyama. Ndaseka nawo, nanga n'kutani. Mayi Gondwe aitembenuza ndodo uku ndi uku, akuti sutikesi yadzaza, koma aigwira m'manja ngati yawo. Ayeserera kutsimphina pakhomo la tchalitchi. Akutsimphina mwendo wosiyana ulendo uliwonse.

Asanapite nayo, ndawaimbira abambo. Ndaneneratu zonse, kuti chitsulo chinawotchereredwa, malamulo a kuno ndi otere, ndalephera, pepani bambo. Ndaimika ndodo patsogolo pa foni.

Ndikumva nkhuku zokha kumbuyo. Ndayamba kuganiza kuti netiweki yathawa.

"Sendeza pafupi." Ndasendeza. Ayang'ana timizere ta pogwirira. Akuti nditembenuze mphete pang'onopang'ono. Milomo yawo ikuwerenga chilembo chimodzichimodzi, ngati mmene ndinkawerengera ine ndili mwana. Afunsa amene walemba timizereto. Ndati mmisiri weniweni wa mfuti wa konkuno, ndi ine. Agwedeza mutu.

"Iyi si ndodo ya nkhalamba. Iyi ndi ya munthu wa gemu." Atsokomola. "Ija ya boma kumapetoku inkandilemera kale. Sindinauze munthu."

Kenako awonjezera kuti apongozi asaidumphe. Amake Thoko agwada pa kapeti ya landilodi, ailandira ndi manja awiri, alonjeza. Sananene kuti m'mawa anaidumpha kale pofuna nsapato.

Chitsulo chija chapeza ntchito. Chitseko cha kukhitchini chinkadzitseka chokha chaka chonse, panopa chikukhala chotsegula. Aliyense akuchidumpha, ngakhale ine. Paipi yabwerera pawindo, yakhota pang'ono. Pilo wanga wabwerera kuchipinda, amake Thoko ausa moyo.

Mayi Gondwe atumiza chithunzi ali pa eyapoti, ndodo m'manja, akuti powaona akutsimphina awapititsa kutsogolo pamzere.

Kenako mawu a Esinati, akunong'ona kuti asamveke. Akuti abambo auza a Banda kuti mwana wawo watumiza chida cha ku Birmingham chosafuna zipolopolo. Atatero alowa m'khitchini, agulula khasu, atenga mpini wokha. Panopa ali pa njira ya kudimba, akuyenda nawo pang'onopang'ono. Akuti akuyeserera, kuti ikadzafika iwapeze atazolowera.